Mphaka ndi Ubweya Wake Pakhomo

Pakhomo pamene pali mphaka, makoswe sachita mwano. Chimanga chimakhala bwino m'matumba, zovala sizibooledwa m'sutikesi, ndipo usiku kudenga kumakhala zii. N'chifukwa chake ambiri a ife timaweta mphaka, amene ena amamutcha chona kapena pusi. Koma m'makomo ambiri mumamveka dandaulo limodzi: ubweya. Uli pamkeka, uli pabulangete, uli pa zovala za kutchalitchi, mwinanso ukuyandama m'ndowa ya madzi akumwa. Ena akatopa nawo amam'thamangitsa mphaka, ena amakam'taya kutchire. M'phunziro lino tiona mmene ubweya umamerera, chifukwa chake umayoyoka, ndi zimene tingachite kuti m'nyumba mukhale mwaukhondo mphaka ali momwemo.

Mmene ubweya umamerera ndi kugwa

Mukapatula ubweya wa mphaka ndi zala, mudzaona kuti si wamtundu umodzi. Pamwamba pali wautali, wolimba ndi wonyezimira. Umenewu umateteza khungu ku mvula, fumbi ndi minga. Pansi pake pali waufupi, wofewa ndi wothinana, umene umasunga kutentha kwa thupi. Ubweya wambiri umene timaupeza pamipando ndi wapansiwu, chifukwa ndi wopepuka ndipo kamphepo kochepa kamauulutsa.

Kaubweya kalikonse kamamera m'kadzenje kake m'khungu. Kamakula kwa kanthawi, kenako kamasiya kukula n'kungokhala. Nthawi ikakwana, pansi pa kadzenje kaja pamayamba kumera katsopano, ndipo kamakankha kakale mpaka kagwe. Izi sizichitika tsiku limodzi pathupi lonse. Pamene wina ukumera, wina ukupuma, wina ukugwa. Zili ngati mtengo wa mango: suuona uli mbulanda, koma pansi pake pamafunika kusesa masamba m'mawa uliwonse. Choncho mphaka woyoyola ubweya pang'onopang'ono thupi lonse sakudwala ayi. Thupi lake likugwira ntchito bwino, ndipo palibe mankhwala amene angaletse zimenezi.

Pali nyengo imene ubweya umagwa wambiri. Chimene chimauza thupi la mphaka kuti nyengo yasintha ndi kutalika kwa usana, kenako kutentha. Ku London usana umapitirira maola 16 mu Juni, koma mu Disembala sufika maola 8. Amphaka oyenda panja kumeneko amakhala ndi ubweya wochindikala m'nyengo yozizira, ndipo amauyoyola wochuluka masiku akayamba kutalika. Kuno kwathu usana umasintha pang'ono chabe, pakati pa maola pafupifupi 11 ndi 13. Motero amphaka athu amayoyola chaka chonse, ngakhale kuti ubweya wogwa ungachuluke chisanu cha Juni ndi Julaye chikatha, tikamalowa m'chilimwe. Mphaka wokhala m'nyumba ya magetsi, momwe mumawala mpaka usiku, nayenso amayoyola mosalekeza. Mphaka wamkazi amathanso kuyoyola kwambiri akabereka, pamene akuyamwitsa, koma ubweya umabwerera ana akaleka kuyamwa.

Lilime la mphaka

Amene ananyambitidwapo ndi mphaka akudziwa kuti lilime lake ndi lokhakhala. Lili ndi timinga tambirimbiri topindikira kukhosi. Mphaka akamadzinyambita, timingati timakola ubweya wakufa, fumbi ndi nthata. Koma popeza tinapindikira m'kati, mphaka sangathe kulavula zimene wakola. Amameza.

Ubweya sugayika m'mimba. Wambiri umatuluka ndi chimbudzi popanda vuto. Wina umatsalira, n'kupotana, ndipo tsiku lina mphaka amausanza uli chibuma chonyowa chotalika ngati chala. Zikachitika mwa apo ndi apo musadandaule, ndipo musam'menye chifukwa wasanzira pamkeka, sanachitire dala. Koma akamangodzikakamiza kusanza osatulutsa kanthu, akasiya kudya, kapena akakhala masiku awiri osachita chimbudzi, mwina chibumacho chatseka matumbo. Pamenepo pakufunika dokotala wa ziweto msanga.

Gwirani ubweya usanagwe

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ubweya umene uti ugwe mawa uli kale wakufa pathupi la mphaka lero. Mukauchotsa ndi chipeso, sufika pabulangete, sufika m'mbale, ndipo mphaka saumeza. Mphindi zisanu zopesa mphaka zimachepetsa ntchito yaikulu yosesa ndi kukutumula.

Sipafunika chida chodula. Chipeso chakale cha mano othinana chikwanira, kapena burashi yofewa. Chikhale cha mphaka yekha, anthu asachigwiritsenso ntchito. Khalani naye panja, pakhonde kapena pansi pa mtengo, kumene mphepo sikulowera m'nyumba. Sankhani nthawi imene wakhuta ndipo wagona phee. Yambani ndi kum'sisita ndi dzanja, kenako pesani kuchokera kumutu kupita kumchira, kutsata kumene ubweya wagonera. Msana ndi m'mbali ndi malo amene amphaka ambiri amakondwa nawo. Pamimba ambiri safuna. Mukaona mchira ukugwedezeka mwamphamvu kapena makutu agona chakumbuyo, lekani, mudzapitiriza mawa. Mphaka womukakamiza amathawa akangoona chipeso, koma womuzoloweza akadali kamwana amabwera yekha.

Pomaliza nyowetsani manja anu pang'ono ndi kum'sisita thupi lonse. Ubweya wotsala umamatirira m'manja. Ukulungeni, muutaye m'dzenje la zinyalala n'kukwirira, kenako musambe m'manja ndi sopo. Amphaka athu ambiri ndi a ubweya waufupi, ndipo kuwapesa kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. A ubweya wautali, monga a mtundu wa Persian amene ena amaweta m'mizinda, amafunika tsiku lililonse, apo ayi ubweya umamangana mfundo. Mfundo yoteroyo musaidule ndi sizasi pafupi ndi thupi, chifukwa khungu la mphaka ndi lopyapyala ndipo limakwera pamodzi ndi mfundoyo.

Ndevu zake musadule, ndipo ana auzeni zimenezi. Ndevuzo ndi zimene zimam'thandiza kuzindikira zinthu zimene zili pafupi naye mumdima. Kum'sambitsa nako sikofunika kawirikawiri, mphaka amadzisamala yekha. Sopo waufa wochapira zovala amaumitsa khungu lake, ndipo khungu louma limayoyola koposa.

Ubweya umene wagwa kale

Ubweya wouma umauluka, wonyowa umagwirana. Mukakumbukira zimenezi, ntchito yapepuka. Musanasese, wazani madzi pansi, kaya ndi pa simenti kaya pozira. Mukasesa pouma, ubweya umakwera m'mwamba n'kudzateranso inu mutachoka. Patebulo ndi pamipando pukutani ndi kansalu konyowa. Pasofa kapena pabulangete kwechani ndi golovesi ya labala yonyowa pang'ono, kapena ndi kunsi kwa patapata wotsuka bwino. Ubweya umakulungika, mumangotola. Pa chovala chakuda chimene mukufuna kuvala pompano, kulungani selotepu kudzanja, mbali yomata ili kunja, n'kumadinda pachovalapo.

Zovala ndi zofunda muzizikutumula panja musanaziviike, chifukwa ubweya ukalowa m'madzi ochapira umamatirira pa zovala zina zonse. Ndowa ya madzi akumwa, miphika ndi mbale zikhale zovundikira. Chinanso chothandiza kwambiri ndi kum'patsa mphaka pogona pakepake: thumba loyera kapena chitenje chakale, pamalo pofunda pamene amakonda kale kugona. Ubweya wambiri umatsalira pamenepo. Chitenjecho muzichikutumula ndi kuchichapa pachokha kamodzi pa sabata, n'kuchiyanika padzuwa.

Chakudya chimaonekera pa ubweya

Ubweya umapangidwa kuchokera ku zakudya zomanga thupi. Mphaka ndi nyama yodya nyama. Sali ngati galu amene amapirirako ndi mkute. Mphaka wongopatsidwa nsima ndi msuzi amakhala ndi ubweya wotuwa, wouma, wothothoka mukangom'khudza. Ena amati, "Azidzisakira makoswe." Makoswe amathandizadi, koma sapezeka tsiku lililonse, ndipo mphaka wokhuta sasiya kusaka. M'patseni usipa, matemba, bonya kapena kapenta wophika, dzira lophika, kapena tinyama totsala topanda mafupa. Mafuta a nsomba amafewetsa khungu. Nsomba ya mchere wambiri iviikeni kaye m'madzi. Anyezi ndi adyo zimawononga magazi a mphaka, choncho patulani chake musanazithire mu ndiwo. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu. Madzi oyera ndiwo asasowe m'kambale kake.

Pamene kuyoyoka kuli matenda

Kuyoyoka kwabwino kumachitika thupi lonse mofanana, ndipo khungu silionekera. Mukaona malo ososoka, zilonda, nkhanambo, kapena mphaka akudzikanda osapuma, dziwani kuti pali chimene chalakwika.

Kawirikawiri zimakhala nthata. Kuti mudziwe, m'peseni atayima pa pepala loyera lonyowa. Tinthu takuda tikagwa n'kusanduka tofiira, chimenecho ndi chimbudzi cha nthata, magazi amene zayamwa. Nthata yaikazi imodzi imatha kuikira mazira 40 mpaka 50 pa tsiku. Mazirawo amagwera pogona mphaka, m'ming'alu ya pansi ndi m'mikeka. N'chifukwa chake kupha nthata za pathupi pokha sikuthetsa vuto. Pogona pake pachapidwe ndi madzi otentha, m'nyumba museseke bwino. Mphaka akameza nthata podzinyambita amatenganso njoka za m'mimba.

Matenda ena ndi chipere. Chimaoneka ngati malo ozungulira opanda ubweya, otuwa, makamaka kumaso, m'makutu ndi kumiyendo. Chipere chimachoka kwa mphaka kupita kwa anthu, makamaka ana, ndipo ubweya wogwa umachinyamula. Mphaka wotere asagone ndi ana mpaka atachira, ndipo mwana amene watuluka chipere apite naye kuchipatala.

Anzanga, pa nkhani ya mankhwala ndi pamene amphaka ambiri amafera m'manja mwa eni ake owafunira zabwino. Mankhwala ena ophera nthata za agalu ali ndi permethrin, amene ndi poizoni kwa mphaka: amanjenjemera, amakomoka, amafa. Ufa wa Actellic Super umene timathira m'chimanga nawonso uli ndi permethrin, choncho musam'waze mphaka. Dibi wa ng'ombe, parafini ndi oyilo wakutha wa galimoto zisam'khudze, pakuti chilichonse chimene mwam'paka adzachinyambita. Panado, amene amatithandiza ife, amapha mphaka ngakhale m'bulu umodzi. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. A ku Lilongwe angapitenso ku LSPCA, a ku Blantyre ku BSPCA, mabungwe osamalira nyama amene ali ndi madokotala. Mukapita, funsaninso za katemera wa chiwewe, chifukwa mphaka naye amadwala chiwewe.

Kodi ubweya umadwalitsa anthu?

Ena amakhulupirira kuti kumeza kaubweya ka mphaka kumayambitsa chifuwa chachikulu cha TB. Si zoona. TB imayamba ndi tizilombo timene timafala mumpweya munthu wodwala akamatsokomola. Amene watsokomola kwa masabata awiri akayezetse kuchipatala, asanamizire mphaka.

Chimene chili choona n'chakuti matupi a anthu ena sagwirizana ndi amphaka. Amayetsemula, maso amayabwa, ndipo a mphumu amabanika. Gwero lake si ubweya weniweniwo, koma kanthu kena kamene kali m'malovu ndi pakhungu la mphaka. Akadzinyambita, malovu amaumira pa ubweya, ubweyawo n'kuwamwaza m'nyumba. Ngati pakhomo pali munthu wotere, mphaka asalowe kuchipinda chake chogona, mawindo azitsegulidwa masana, ndipo kupesa azichita wina, panja. Kubanika kukapitirira, kaonaneni ndi adokotala.

Tikambirane

N'chifukwa chiyani tiyenera kuwaza madzi tisanasese? Kodi kuyoyoka kwabwino tingakusiyanitse bwanji ndi kwa matenda? Kwanuko, anthu amawathira chiyani amphaka a nthata, ndipo mwa zimenezo n'ziti zimene taona kuti ndi zoopsa?

Sabata ino pezani chipeso chakale, mupese mphaka wanu kapena wa mnansi wanu kawiri, pa pepala loyera lonyowa. Lembani m'kope mwanu ziganizo zitatu zofotokoza zimene mwaona, mudzatiwerengere tikadzakumananso.