Heliyamu: mtengo wobisika wa makina a MRI

Mwina munaonapo mabaluni a paukwati amene amati akapulumuka m'manja amakwera okha kumwamba. Chimene chimawakweza ndi mpweya wopepuka wotchedwa heliyamu. Mpweya womwewu ndi umene umayendetsa makina ambiri a MRI, amene madokotala amaunikira ubongo, msana ndi zotupa za m'kati mwa thupi popanda kumung'amba munthu. Ngati muli m'komiti ya chipatala, kapena m'bale wanu anauzidwapo kuti akajambulidwe ndi makinawa, phunziro ili likuthandizani kumvetsa chifukwa chake kujambulako kumadula, komanso zoyenera kufunsa makinawa asanafike pachipatala chanu.

Ntchito ya heliyamu

M'kati mwa makina a MRI muli maginito amphamvu kwambiri, opangidwa ndi waya wokulungidwa kambirimbiri. Wayayu akazizira kufika madigiri pafupifupi 269 pansi pa ziro, magetsi amayendamo popanda chowabweza, ndipo maginito amakhala ndi mphamvu usana ndi usiku. Pa kuzizira kotereku zinthu zina zonse zimauma gwa, koma heliyamu amakhalabe wamadzimadzi. N'chifukwa chake wayayo amamizidwa mu heliyamu, ndipo makina ambiri akuluakulu amasunga malita pakati pa 1,500 ndi 2,000.

Kuti heliyamuyo asauluke, pamakhala chipangizo choziziritsa chimene chimafuna magetsi nthawi zonse. Magetsi akazima nthawi yaitali, jenereta n'kukhala palibe, heliyamu amayamba kusanduka nthunzi. Akachepa kwambiri, wayayo amafunda, mphamvu ya maginito imatha mwadzidzidzi, ndipo heliyamu wotsalayo amathawira kunja kudzera m'paipi. Kuti makinawo adzukenso pamafunika akatswiri ndi heliyamu wina wogula. Nthawi yonseyo odwala amakhala akudikira.

Kumene amachokera

Palibe fakitale imene imapanga heliyamu. Amapangika pang'onopang'ono m'miyala ya pansi pa nthaka, kwa zaka mamiliyoni ambiri, pamene miyala ya uranium ndi thorium ikufumbutuka. Kenako amakodwa limodzi ndi gasi wachilengedwe, ndipo makampani amamupatula pokumba gasiyo. Akathawira m'mwamba sabwereranso, chifukwa ndi wopepuka moti pomaliza amachoka padziko lapansi.

Mayiko amene amagulitsa heliyamu wambiri ndi ochepa: United States, Qatar, Algeria ndi Russia. Amanyamulidwa m'matanki aakulu ofanana ndi fulasiki ya tiyi, ndipo ayenera kufika kwa wogula m'milungu yowerengeka asanayambe kutayika. Choncho sangasungidwe monga mmene timasungira chimanga m'nkhokwe. Ogula nawo ndi ambiri: kuwonjezera pa zipatala, pali opanga zipangizo za makompyuta, ochita kafukufuku wa sayansi ndi oulutsa maroketi.

Msika wosachedwa kugwedezeka

Ogulitsa akachepa, vuto la mmodzi limafika kwa onse. Mu June 2017, Saudi Arabia ndi mayiko ena atatseka malire awo ndi Qatar, mafakitale a heliyamu a ku Ras Laffan anaima kwa milungu ingapo chifukwa njira yotumizira inali itatsekeka. Ku Russia, fakitale yatsopano ya Amur inapsa mu October 2021 komanso mu January 2022, ndipo heliyamu amene dziko linkayembekezera anachedwa kufika pamsika. Ku United States, boma linagulitsa nkhokwe yake ya heliyamu ya pafupi ndi Amarillo kwa kampani ya Messer mu 2024. Zoterezi zikachitika mitengo imakwera, ndipo chipatala chaching'ono cha dziko lopanda doko, chosowa ndalama zakunja, ndicho chimavutika kwambiri kupikisana ndi ogula akuluakulu.

Pali chiyembekezo

Kuno ku Africa zinthu zayamba kusintha. Mu 2016, akatswiri a mayunivesite a Oxford ndi Durham analengeza kuti apeza heliyamu wambiri m'chigwa cha Rukwa ku Tanzania. Ku South Africa, kampani ya Renergen ili ndi mgodi wa gasi wokhala ndi heliyamu ku Virginia, m'chigawo cha Free State.

Opanga makina nawo sanagone. Philips ili ndi makina ofuna malita 7 okha, otsekeredwa moti safunika kuwonjezera. Siemens inapanga ena ofuna heliyamu wosakwana lita imodzi. Palinso makina a maginito wamba amene safuna heliyamu n'komwe. Zithunzi zake sizioneka bwino ngati za makina akuluakulu, koma musawapeputse. Makina oyamba a MRI m'Malawi, amene anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, anali a mphamvu yochepa, koma ndi omwe anathandiza ofufuza kuonetsa mu 2015 kuti ana ambiri amene amamwalira ndi malungo a muubongo amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongo.

Musanalandire makina, funsani

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kaya makinawo ndi ogula kapena ndi mphatso ya abwenzi akunja, khalani pansi ngati komiti ndipo muyankhe mafunso awa:

1. Makinawa amafuna heliyamu wochuluka bwanji, ndipo adzafunika kuwonjezera kangati?
2. Adzabweretsa heliyamuyo ndani, ndipo ndalama zakunja zidzachokera kuti?
3. Kodi magetsi akazima, chipangizo choziziritsa chili ndi jenereta ndi mafuta ake?
4. Katswiri wokonza ali kuti, ndipo angafike patatha masiku angati?
5. Kodi matenda amene timawaona kwambiri kuno sangaunikidwe ndi makina osafuna heliyamu?

Mayankho ake muwalembe m'pangano musanasaine. Makina otsekeredwa m'chipinda chifukwa chosowa heliyamu sathandiza wodwala aliyense, ndipo ndalama zomangira chipindacho zikanagula mankhwala.