Ululu wa M'chinena: Lekani Kumwa Makapisozi Musanapimidwe

Amayi ndi abambo a ku Kanyama, Matero, Chawama, George, Mtendere ndi Kalingalinga, mphekesera yoti ululu uliwonse wa m'chinena ndi chinzonono yasokoneza mabanja ambiri. Munthu akamva kuwawa pogonana kapena mkodzo ukamatuluka movutikira, amathamangira pa kantemba kukagula makapisozi, kunyumba n'kuyamba kulozana zala. Tanena kangati kuti mankhwala opha tizilombo sachiza pamene palibe tizilombo? Lekani kumwa makapisozi musanapimidwe.

Ululuwu ungachokerenso ku minofu. Pansi pa chiuno pali minofu yogwirizira chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Imamanga kuti mkodzo ndi chimbudzi zisatuluke zokha, ndipo imamasuka nthawi yake ikakwana. Mwa ena imangokhala yomangika ngati chibakera chofumbatidwa tsiku lonse, motero imatopa n'kuyamba kupweteka. Chimachititsa ndi kusunga mkodzo nthawi yaitali, monga amachitira ogwira ntchito m'mafakitale a ku Heavy Industrial Area kapena amayi oopa kupita kuchimbudzi chapanja usiku. Kudzimbidwa, kunyamula matumba olemera, kuvulala pobereka, nkhawa ndi kugwiriridwa zimabweretsanso vutoli. Amuna nawo limawagwira, ndipo amamva ululu m'machende kapena akatulutsa umuna.

Wina anena kuti, “Koma ndinamwa makapisozi ndipo ndinapezako bwino.” Ululu wa minofu umabwera n'kupita wokha, n'chifukwa chake mumaganiza kuti mankhwala agwira, pakapita milungu n'kukagulanso. Mukatero mukungozoloweretsa tizilombo mankhwalawo, ndipo tsiku lodzadwala chinzonono chenicheni mwina sadzagwira ntchito. Wina ati, “Nanga ngati ndi matenda opatsirana?” Zingatheke ndithu, ndipo n'chifukwa chake tikuti pimitsani. Kuyeza mkodzo ndi magazi ndiponso kuonedwa ndi dokotala ndiko kumasiyanitsa, osati maso a wogulitsa. Zitsamba zoika kumaliseche zoti ziumitse kapena kuthinitsa njira zimangowonjezera mabala ndi ululu. Masewera ofinya minofu ophunzitsidwa pa intaneti amathandiza amene minofu yawo yafooka. Kwa inu amene minofu yanu ndi yomangika, amaonjezera vuto.

Chithandizo cha vutoli n'kuphunzitsa minofu kumasuka. A physiotherapy ku chipatala cha UTH amagwira ntchito ya minofu, ndipo kalata yopitira kumeneko imachokera ku kiliniki yanu kapena ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama. Kunyumba, gonani chagada, pumani mozama mpaka mimba itukuke, ikani nsalu yofunda pachinena, ndipo musadzikakamize pachimbudzi. Ngati ululu unayamba chifukwa cha nkhanza, muuzeni nesi. Chinsinsi chanu chidzasungidwa. Popewa, imwani madzi, idyani ndiwo zamasamba, musasunge mkodzo.

Mukatentha thupi, mukaona magazi kapena mafinya, mkodzo ukatsekeka, kapena ngati muli ndi pakati, bwerani kuchipatala tsiku lomwelo. Tikubwerezanso: musamwe makapisozi musanapimidwe.