Chala chikachita dzanzi mutadzicheka, musadikire

Asodzi ena a ku Mulanje amapha nsomba mu mtsinje wa Ruo, ena amakagwira ntchito ku nyanja ya Chilwa kudzera ku Phalombe, dera limene linali mbali ya boma la Mulanje mpaka 1998. Konseko ntchito yathu ndi ya manja: kukoka chingwe cha nayiloni, kutumbula milamba, kudula bango ndi chikwanje. Mabala a pazala tinawazolowera, moti timangomanga kansanza n'kubwerera m'bwato. Koma si bala lililonse limene limapola motero.

Mbali iliyonse ya chala, kumanja ndi kumanzere, muli kamtsempha kamene kamatithandiza kumva kutentha, kubaya ndi kukhudza. Mpeni ukadula kamtsempha aka, khungu limatha kupola bwinobwino koma chala n'kutsala chadzanzi. Kuyeza kwake n'kosavuta. Wovulalayo atsinzine, ndipo mnzake akhudze nsonga ya chalacho ndi kaudzu, mbali zonse ziwiri, n'kufanizira ndi chala china. Ngati mbali ina sikumva, kapena chala chikukanika kupinda, imeneyo ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo.

Tisananyamuke, titsuke bala ndi madzi owiritsa kapena a pamjigo, osati a m'nyanja. Tipsinje ndi nsalu yoyera, dzanja litakwezedwa m'mwamba. Kumanga chala ndi mphira kumatseka magazi onse, ndipo chala chingafe. Dothi, phulusa ndi mafuta a injini zisafike pabala. Mphete ivulidwe chala chisanatupe.

Ku chipatala cha boma ku Mulanje kapena cha mishoni, achipatala amatsuka bala, amaona ngati pakufunika katemera wa kafumbata, ndipo bala lovuta amalitumiza ku Gulupu (Queen Elizabeth) ku Blantyre. Pa opaleshoni dokotala amalumikiza nsonga ziwiri za kamtsemphako ndi ulusi woonda kuposa tsitsi. Izi zimayenda bwino m'masiku oyamba, chifukwa tikachedwa nsongazo zimatalikirana ndipo kuzikumanitsa kumavuta. Pamene khungu lachokeratu, amatenga kachikopa pamkono kapena pantchafu n'kuphimba. Bala lakuda kwambiri nthawi zina amayamba alisiya losasoka kwa masiku angapo kuti lisachite mafinya, choncho tisaganize kuti atinyalanyaza.

Chimene ambiri chimawagwetsa ulesi ndi ichi: ulusi ukachotsedwa, dzanzi limakhalapobe. Kamtsempha kosokedwa kamaphuka pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Bala likakhala masentimita 6 kuchokera kunsonga, pamapita miyezi iwiri kapena kuposerapo kuti kumva kuyambe kubwerera, ndipo kwa akuluakulu sikubwerera konse ngati kale. Kunyerenyetsa kumene kumamveka nthawi imeneyi nthawi zambiri kumasonyeza kuti kamtsemphako kakuphuka. Panthawiyi chala chimapsa mwini wake osadziwa, makamaka kwa amayi ndi abambo owamba nsomba pamoto. Chiziyang'anidwa madzulo aliwonse.

Amene amagona m'zimbowera pakati pa Chilwa ndiwo amachedwa kwambiri, poopa kusiya matemba ali pa mtengo wabwino. Apa ndi pamene komiti ya BVC ingathandize: pa msonkhano wotsatira tigwirizane za bwato lotulutsa wovulala, ndalama ya njinga yamoto yokafika kuchipatala, ndiponso amene azimugwirira ukonde mpaka achipatala atamulola kubwerera kumadzi.