Phunziro la Disembala: Keke ya koko ya pa Khirisimasi yophika pa mbaula

Khirisimasi imatipeza nthawi yovuta kuno ku chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka. Nkhokwe zapepuka, ndalama yathera ku mbewu ndi feteleza, ndipo Januwale akudikira ndi fizi ya ana. Komabe mwana amayembekeza kuti tsikuli alaweko chinthu chimene salawa masiku onse. Mpunga wa nkhuku ndiye timaudziwa. Chaka chino tiwonjezepo keke ya koko, imene ku America komwe idayambira amaitcha brownies. Ife taikonda chifukwa siifuna kufufuma kwambiri ngati keke ya ukwati, siifuna makina otakasira, ndipo mbale imodzi imakwanira ana 16.

Kukula kwa mbale kukhale ngati chikhato chotambasula, masentimita 20 mbali zonse. Pa mbale yotere pafunika mazira awiri, shuga kapu imodzi, majarini wosungunula kapena mafuta ophikira theka la kapu, ufa wa tirigu theka la kapu, koko masupuni aakulu asanu, kamchere kotsina ndi zala, ndi baking powder kunsonga kwa supuni ya tiyi. Kapu yake ndi ija ya tiyi, ndipo muyezere zonse ndi kapu imodzimodziyo. Ufawo musauone kuchepa. Tikauwonjeza chifukwa cha mtima wofuna kuchulukitsa, chimatuluka chigumu chakuda chouma kukhosi.

Pogula koko muwerenge pa chitini. Pali koko weniweni, wowawa ukamulawa, ndiye pali wa zakumwa monga Milo amene adamuthira kale shuga ndi mkaka. Wofunika ndi wowawayo. Ngati m'magolosale a kuno simumupeza, tumani amene akupita ku Salima, ku Dedza kapena ku Lilongwe. Chitini chimodzi chimaphika mbale zingapo, choncho ndi bwino gulu lisonkhe ndi kugula pamodzi. Mukapanda kuchitira mwina ndi kutenga wa zakumwayo, thirani theka la kapu ndipo shuga mumuchepetse kufika theka, koma dziwani kuti keke idzatuwa.

Yambani ndi moto musanaswe dzira. Ngakhale ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa kuyambira 2022, ambiri a ife uvuni wathu ndi mbaula. Tengani poto wamkulu wakale, thiranimo mchenga wouma kuya kwa zala ziwiri, vundikirani ndi chivundikiro chafulati kapena chidutswa cha lata loyera, ndipo muike pa makala kwa mphindi 15. Mchengawu muuyanike m'khonde masiku angapo kale, pakuti ino ndi nyengo ya mvula. Wonyowa umatulutsa nthunzi ndipo keke imatuluka ngati mkate wowiritsa. Miyala ya mumtsinje yonyowa musaiike pa moto, imaphulika.

Poto akutentha, sakanizani majarini wosungunula ndi shuga m'beseni. Majariniyo akhale wofunda chabe, akatentha amapsereza mazira. Dzira lililonse muliswere kaye m'kapu payokha, chifukwa ndi kutentha kwa kuno dzira lovunda silisowa, ndipo limodzi lingakutayitseni shuga yense. Takasani mazira ndi shuga mwamphamvu ndi mthiko mpaka ziwale. Ndi kutakasa kumeneku kumene kumabweretsa kakhungu konyezimira pamwamba pa keke. Kenaka sefani ufa, koko, mchere ndi baking powder pamodzi, thirani, ndipo apa dzanja lifewe. Vundulani pang'onopang'ono mpaka ufa usaoneke, basi lekani. Ufa wa tirigu ukavundulidwa kwambiri umayamba kutamuka ndipo keke imalimba.

Pakani mafuta m'mbale, wazani kaufa, thirani chosakanizacho, khazikani mbale pamchenga ndi kuvundikira. Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pomwe ife tidagwera. Ulendo woyamba pagulu lathu tidasiya makala onse pansi monga pophika nyemba. Fungo lidamveka mpaka kumsewu, tonse tili kumwetulira, koma potsegula pansi padali pakuda bii, pakati pali phala. Mazira anayi adapita padera tsiku limenelo. Makala ambiri akhale pamwamba pa chivundikiro, pansi patsale ochepa. Tingati magawo awiri pamwamba, gawo limodzi pansi. Musatsegule mphindi 20 zisanakwane. Kawirikawiri imapsa pakati pa mphindi 25 ndi 35, malinga ndi makala anu. Amene muli ndi uvuni wamagetsi ikani pa 180 kwa mphindi 20 kapena 25. Bayani pakati ndi kamtengo koyera. Kakatuluka ndi phala, siinapse. Kakatuluka ndi tinyenyeswa tonyowa pang'ono, phulani pomwepo, osadikira kuti katuluke kouma.

Iphikeni madzulo a pa 24 ndipo igone m'mbale momwemo. Yotentha imanyenyeka ukaidula. M'mawa dulani ndi mpeni woviika m'madzi otentha ndi kupukuta. Timagawo ta ngodya zinayi nditosavuta, koma mukadula ta ngodya zitatu tikhala timitengo ta Khirisimasi, ndipo ana amalimbirana timeneti.

Pa zokongoletsa, iwalani zokuta za majarini zimene mumaona m'mabuku. Zimenezo n'za ku Dedza boma kozizira. Kuno kumunsi zimasungunuka musanafike nazo ku tchalitchi, ife tidaziona zikuyenderera m'nsalu. Chimene chimapirira ndi shuga wosalala wosakaniza ndi madzi a mandimu. Ngati icing sugar wavuta, sinjani shuga wamba mu mtondo wouma, wosanunkha nsinjiro kapena tsabola, ndi kumusefa pa kansalu kopyapyala. Pa masupuni aakulu asanu ndi limodzi a shugayo donthezani mandimu pang'onopang'ono mpaka zikhale ngati phala lolimba. Ikani m'kapepala ka pulasitiki koyera, boolani kangodya, ndipo lembani mizere yokhotakhota, mtanda kapena chilembo choyamba cha dzina la mwana.

Mitundu tili nayo pakhomo. Chidede chouma choviikidwa m'madzi owira pang'ono chimapereka kufiira. Ufa wa masamba a chammwamba, wongotsina, umapereka kubiriwira kwa timitengo tija. Musachulutse, umawawira. Koma chimene ife timanyadira ndi malambe athu. Dulani kanyenyezi pa pepala loyera, kasanjikeni pa keke, wazani ufa wa malambe wosefa wosakaniza ndi shuga wosalala, kenaka nyamulani kapepalako mosamala. Nyenyezi yakuda imatsala pakati pa zoyera, ndipo kuwawasa kwa malambe kumayenderana bwino ndi koko. Izi muchite nthawi yogawa itayandikira, pakuti ufawo umanyowa ukakhalitsa. Utoto wa madengu, wa nsalu, kapena wa m'timapepala topanda dzina usayandikire chakudya.

Ena a ife tidagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, ndipo tikudziwa mmene wodi ya ana imakhalira phwando likangotha. Ndiye tiloleni tinene izi mosabisa. Mabuku ena amati zokuta zoyera mupange ndi choyera cha dzira chosaphika. Ayi. Dzira laliwisi limatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba, ndipo mwana wamng'ono kapena mayi woyembekezera ndiye amavutika kwambiri. Pa chifukwa chomwecho musapatse ana beseni kuti anyambite. Madzi aliwonse olowa m'zokuta akhale owiritsa, pakuti zokutazo sizipitanso pa moto. Kolera wa mu 2022 ndi 2023 adatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nyengo yake ndi inoyi. Sopo akhale pafupi, ndipo wogwira keke asakhale yemwe akusintha mwana thewera.

Mtedza wokazinga umakoma pamwamba pa keke, koma Disembala mtedza wakhalitsa. Sankhani umodziumodzi ndi kutaya wonse wofota, wobooka, wosintha mtundu kapena wowawa. Poizoni wa chuku satha ndi kukazinga, ndipo amawononga chiwindi mwakachetechete. Ana osakwana zaka zisanu musawapatse mtedza wathunthu, umatsamwitsa. Usinjeni. Mbaula ikhale pakhonde kapena m'khitchini yotsegula ngakhale mvula igwe, chifukwa mpweya wa makala umapha popanda fungo. Chivundikiro cha makala chikatsitsidwa pansi, mayi mmodzi ntchito yake ikhale kuyang'ana ana okwawa.

Amayi a matenda a shuga, tawerengera: kagawo kamodzi kali ndi shuga pafupifupi masupuni a tiyi atatu, zokuta tisanaike. Lawani theka lopanda zokuta mutadya kale nsima ndi ndiwo, ndipo tiyi wake akhale wopanda shuga.

Pa msonkhano wa gulu Khirisimasi isanafike, werengani ana a Sande sukulu, muphatikizepo amene akuleredwa ndi agogo ndi amene sabwera chifukwa chosowa zovala. Gawani nambalayo ndi 16 kuti mudziwe mbale zofunika, ndipo muyesere mbale imodzi sabata isanafike kuti mudziwe moto wa mbaula yanu. Zotsala sungani m'chitini chotseka, chitinicho chikhale m'mbale ya madzi kuopa nyerere, ndipo zithe pasanadutse masiku atatu.