Ulendo wa ku Rome ndi mwana wasukulu

Funso: Mwana wanga wa Folomu 3 waitanidwa ndi azakhali ake asisitere ku Rome, ndipo ndimuperekeza. Tiyambire pati? Mayi wa ku Nambuma.

Yankho: Mayi, yambani ndi mapasipoti, kenako viza ya Schengen yolowera ku Italy. Ofesi ya kazembe wa Italy yoona za Malawi ili ku Lusaka, choncho musachedwe. Pamafunika kalata yokuitanani, inshuwalansi ya paulendo yotha kulipira ma euro osachepera 30,000, komanso chilolezo cholembedwa cha bambo ake ngati mwanayo sanakwane zaka 18.

Kulowa m'tchalitchi cha St Peter n'kwaulere, koma valani zophimba mapewa ndi mawondo. Papa akakhalapo amakumana ndi anthu Lachitatu. Matikiti olowera m'bwalo lakale la Colosseum guliranitu pa intaneti. Ngati mukupita mu Ogasiti, kumatentha koopsa, choncho tengani botolo: madzi a m'mipope ya m'misewu ndi aulere komanso abwino kumwa.