Seydou Keïta: Mmisiri wa Zithunzithunzi

Anyamata ambiri amakonda luso lina pa ubwana wao, koma owerengeka okha ndiwo amalisunga kufikira litawadyetsa. Mmodzi wa owerengekawo anali Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali.

Ciyambi cace. Atate wace anali mmisiri wa matabwa, ndipo mwanayo anaphunzira nchito yomweyo. M'caka ca 1935 mbale wina wamkulu wa pabanja pao, pobwera kucokera ku Senegal, anampatsa kamera yaing'ono yochedwa Kodak Brownie. Mnyamatayo anayamba kujambula abale ace ndi anansi, napitirizabe kupala matabwa. Zaka 13 zinapita asanatsegule nyumba yace yojambuliramo m'caka ca 1948. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Macitidwe ace. Coyamba, sanamwaze cuma. Filimu inali ya mtengo wapatali, cotero kawirikawiri anajambula munthu kamodzi kokha. Anayamba wamkhazika bwino, nakonza manja ndi mutu, nayang'anitsitsa kuwala, monga mmisiri ayesa thabwa asanalidule. Anakonda kujambula pabwalo ndi kuunika kwa dzuwa, ndipo nsaru yoyamba imene anapacika kumbuyo kwa anthu inali yoyala pa kama wace.

Caciwiri, analemekeza obwera kwa iye. Anadziwa kuti munthu aliyense afuna kuoneka waulemu pamaso pa abale ace. Cifukwa cace anasunga majekete, mawoci, zolembera, wailesi ndi njinga, kuti wosauka abwereke ndi kujambulitsa nazo. Mbiri yace inamveka, ndipo anthu anadza ngakhale ocokera ku maiko oyandikana.

Cacitatu, sanataye nchito ya manja ace. Atapereka cithunzithunzi kwa mwini wace, anasunga filimu yace mosamala, kufikira zinakwana zikwi zambiri.

Zipatso zace. Mali atalandira ufulu m'caka ca 1960, boma linamuitana mu 1962 kuti akhale wojambula wace, ndipo anapuma nchitoyo mu 1977. M'caka ca 1991 zithunzithunzi zace zina zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lace. Ozindikira luso anafunafuna mwini wace, nampeza ku Bamako, mafilimu ace ali cisungire. Mu 1994 anazionetsa ku Paris pa dzina lace, ndipo anamwalira mu mzinda womwewo mu 2001.

Phunziro. Kukonda nchito ndiko mbeu cabe. Cimene cimaikulitsa ndico kudekha, kusamala ndalama, ulemu kwa anthu ndi kusunga bwino zopangidwa. Keïta akadataya mafilimuwo, dzina lace likadaiwalika.

Mafunso
1. Kodi umisiri wa matabwa ungathandize bwanji wojambula?
2. Cifukwa ninji anabwereka anthu zobvala?
3. Nanga inu, luso lanu mulisamala motani?