Malangizo kwa Okagona m'Pousada ku Salvador, Brazil

Salvador ndi likulu la chigawo cha Bahia, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Apwitikizi anaukhazikitsa mzindawu mu 1549, ndipo unali likulu la dziko lonse mpaka 1763 pomwe boma linasamukira ku Rio de Janeiro. Mahotela akuluakulu aliko, koma ine ndimalimbikitsa mlendo kukagona m'pousada, kanyumba ka alendo ka zipinda zochepa komwe kawirikawiri amayendetsa ndi mwini wake kapena banja lake. Mtengo umatsikirako, inde, koma phindu lenileni ndi mwini nyumbayo. Amakudziwani dzina, amaudziwa msewu wake usana ndi usiku, ndipo amayankha mukamufunsa. Malangizo ambiri ali m'munsiwa atsamira pa munthu ameneyu.

1. Yambani ndi mapepala. Funsani za viza ku ofesi ya kazembe wa Brazil kudakali miyezi ingapo, poti malamulo amasiyana malinga ndi pasipoti yomwe muli nayo. Bayitsaninso katemera wa yellow fever ndipo musunge bwino kabuku kachikasu komwe akupatseni. Chiphaso chimenechi chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni, ndipo kuyambira 2016 kubaya kamodzi n'kokwanira moyo wonse. Matendawa amapezeka m'madera ena a Brazil, choncho pobwerera, makamaka mukadzera ku South Africa, akhoza kukufunsani kabukuko.

2. Sankhani dera musanasankhe nyumba. Apa m'pamene ulendo umakomera kapena kuipira. Salvador wakale anamangidwa pawiri: mbali ina pamwamba pa chitunda, ina pansi kudoko. Mbali ziwirizi zimalumikizidwa ndi chikepe chotchedwa Elevador Lacerda, chomwe chinatsegulidwa mu 1873 ndipo n'chotalika mamita 72.

Pamwambapo pali Pelourinho, dera la nyumba zakale zopaka utoto wamitundumitundu ndi misewu yoyala miyala, lomwe bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1985. Kumeneku akapolo ochokera ku Africa ankakwapulidwa pagulu, ndipo ukapolo m'dzikoli unatha mu 1888. Lero zidzukulu zawo zimaimba ng'oma m'misewu yomweyo. Gulu la Olodum, lomwe linayamba mu 1979, kwawo ndi komweko. Malowa ndi ofunika kuwaona, koma wogona msanga adziwe kuti ng'oma zimalira mpaka usiku, makamaka Lachiwiri.

Mukakwera pang'ono kuchokera ku Pelourinho mufika ku Santo Antônio Além do Carmo. Kumeneku ma pousada ambiri ali m'nyumba zakale zomwe khomo lake lili kumsewu koma khonde lakuseri layang'ana kunyanja ya Baía de Todos os Santos, kotero kuti madzulo mumakhala pampando n'kumaona dzuwa likulowa m'madzi, zombo zili ndii kudoko. Munthu wopita koyamba, wamiyendo yolimba, ndimamulozera kumeneku. Amene ali ndi ana kapena agogo apite ku Barra, komwe kuyenda n'kosavuta ndipo gombe lili pafupi. Rio Vermelho ndi ya okonda kudya ndi kucheza madzulo; nyumba yomwe ankakhala mlembi Jorge Amado ili komweko ndipo anthu amalowa kukaona.

3. Funsani mafunso musanalipire, pajatu safunsa anadya phula. Nyumba zakale za ku Salvador n'zopapatiza kumaso koma zazitali kulowa mkati, ndiye zipinda zina zapakati zilibe zenera lakunja. Chithunzi cha pa intaneti sichingakuuzeni zimenezi. Funsani ngati chipindacho chili ndi zenera, ndipo layang'ana kuti. Funsani masitepe alipo angati, chifukwa m'nyumba zambiri zoterezi mulibe chikepe ndipo sutikesi mudzakweza nokha. Funsani ngati bafa ndi la m'chipinda momwemo kapena logawana, ngati muli makina oziziritsa kapena fani chabe, komanso ngati pakhomo pamakhala munthu usiku. Mutsimikizenso kuti mtengo womwe atchula ndi wa chipinda chonse kapena wa munthu mmodzi, ndiponso ngati chakudya cha m'mawa chili momwemo.

Ku Brazil malonda ambiri amakambidwa pa WhatsApp, ndipo eni nyumba amayankha msanga kumeneko kuposa pa imelo. Chingerezi musachidalire kwambiri. Abale athu a ku Tete ndi ku Angónia amene anaphunzira Chipwitikizi ali ndi mwayi pamenepa, ngakhale katchulidwe ka ku Bahia kadzawavuta tsiku loyamba. Enafe tilembe ziganizo zifupizifupi, foni itimasulire.

4. Samalani polipira. Akathyali ena amatenga zithunzi za pousada yeniyeni n'kutsegula tsamba labodza pa Instagram kapena pa Facebook, kenako n'kumalandira ndalama za anthu. Unduna wa zokopa alendo ku Brazil uli ndi kaundula wotchedwa Cadastur momwe malo ogona alendo amalembetsa. Fufuzani dzina la nyumbayo mmenemo, ndipo nambala ya foni muifananize ndi yomwe ili pa masamba odziwika osungitsirapo malo. Eni nyumba ambiri amapempha gawo la ndalama pasadakhale kudzera pa Pix, njira yotumizira ndalama yomwe banki yaikulu ya dzikolo inayambitsa mu 2020. Mlendo wopanda akaunti ya ku Brazil imamuvuta njirayi, choncho pemphani kulipira ndi khadi. Akakubweretserani kamakina kolipirira, yang'anani chiwerengero chomwe chalembedwa musanaike nambala yachinsinsi, ndipo khadi isachoke m'manja mwanu. Ndalama ya kumeneko ndi real. Khalani ndi zochepa m'thumba zogulira zam'misewu, ndipo muzikatapa masana m'kati mwa banki kapena m'sitolo zikuluzikulu.

5. Onani kalendala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi chilimwe, alendo amachuluka ndipo mitengo imakwera. Pa Chaka Chatsopano ndi pa Carnaval, yomwe imachitika mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, ma pousada ambiri sagulitsa usiku umodzi. Amafuna mulipire masiku angapo pamodzi. Magalimoto a zoimbira a Carnaval amadutsa kuchokera ku Barra kupita ku Ondina, ena ku Campo Grande, ndipo wogona m'njira imeneyo asayembekeze tulo. Pa 2 Febuluwale ku Rio Vermelho kumadzaza anthu a chikondwerero cha Iemanjá. Mvula yambiri imagwa kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo nthawi imeneyo mitengo imatsika koma miyala ya m'misewu imaterera.

6. Konzani kafikidwe. Bwalo la ndege lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 28 kuchokera pakati pa mzinda. Muuzeni mwini nyumba ola lomwe ndege itere, ndipo ngati ndi usiku, mupempheni akutumizireni dalaivala amene amamudziwa. Pousada si hotela yoti geti limakhala lotsegula; mukafika mosadziwitsa mukhoza kuima pamsewu ndi katundu, mukugogoda. Nthawi ya ku Salvador ili m'mbuyo ndi maola 5 poyerekeza ndi ya ku Lilongwe kapena Lusaka. Chipinda amapereka cha m'ma 2 koloko masana, ndipo amakupatsani fomu ya boma yolembapo alendo, choncho pasipoti ikhale pafupi. Ngati muli ndi mwana, tengani chikalata chake chobadwira. Ngati si wanu, tengani kalata yovomerezeka ya makolo ake. Lamulo la 1990 loteteza ana limaletsa malo ogona kulandira mwana popanda makolo kapena chilolezo chawo, ndipo mwini nyumba akaumirira, ndiye kuti ndi nyumba yabwino.

7. Phunzirani bafa tsiku loyamba. M'nyumba zambiri madzi amatenthera pamutu pa shawa pomwepo. Mudzaona chimutu cha pulasitiki, mawaya akulowa kumbuyo kwake, ndi kabatani kokankha kolembedwa Inverno, Verão ndi Desliga. Inverno ndi madzi otentha kwambiri, Verão ndi ofunda, Desliga ndi ozizira. Kabataniko musakakhudze madzi akutuluka. Tsekani mpopi, pukutani manja, valani masilipasi a labala, kenako sinthani. Mukafuna madzi otentherapo, chepetsani mpopi, chifukwa madzi akamadutsa pang'onopang'ono ndi pamene amatentha. Mukaona waya wosendeka kapena mukamva kunyerenyetsa pogwira mpopi, tulukani ndipo muitane mwini nyumba nthawi yomweyo.

Pambali pa chimbudzi pamakhala kabini kovindikira. Mapepala ogwiritsa ntchito amaponyedwa mmenemo, osati m'chimbudzi, chifukwa mapaipi a nyumba zakale ndi opapatiza ndipo amatsekeka msanga. Ambiri zimawanyansa poyamba, koma kabiniko amakhuthula tsiku lililonse, ndipo mukanyozera lamuloli mudzasowetsa mtendere nyumba yonse.

Magetsi a ku Salvador ndi a mavoti 127, pomwe mizinda ina monga Recife ndi Fortaleza ili ndi 220. Chaja ya foni ndi ya laputopu yolembedwa 100–240V imagwira paliponse, koma ayironi kapena ketulo yochokera kwanu idzangofunda. Masoketi ake ndi a timabowo titatu tozungulira, ndiye pulagi ya mano atatu afulati siilowa popanda adaputa.

8. Musaphonye chakudya cha m'mawa, chifukwa m'pamene pousada imaonetsera mtima wake. Patebulo pamakhala mapapaya, chinanazi, mavwende, chinangwa chophika, nthochi zophika, buledi, keke ndi khofi wowawa bwino. Pali cuscuz, ufa wa chimanga chachikasu wophika ndi nthunzi, womwe amadya ndi batala ndi dzira. Mayi wa kukhitchini akhozanso kukufunsani ngati mukufuna tapioca: amawaza ufa woyera wa chinangwa pachiwaya chotentha chopanda mafuta, ufawo n'kugwirana wokha, amaikapo tchizi kapena kokonati, n'kupinda pakati. Idyani ikadali yotentha, ikazizira imalimba. Anthu a kumeneko ndi akhofi, ndiye wokonda tiyi wamkaka anyamule paketi yake. Patebulo pomwepa ndi pofunsira za tsikulo: basi iti, msewu uti, kudya kuti.

Masana funani malo odyera olembedwa por quilo, komwe mumadzigawira mpunga, nyemba, nsomba ndi masamba, mbale n'kuyezedwa pasikelo. Madzulo lawani acarajé, chitumbuwa cha khobwe chokazinga m'mafuta ofiira a dendê, chomwe amagulitsa amayi ovala zoyera otchedwa baianas. Akafunsa ngati mukufuna quente akunena za tsabola, ndipo tsabola wake sachita masewera. M'kati mwa chitumbuwacho amaikamo tinkhanu ta m'nyanja ndi phala lokhala ndi mtedza, choncho amene zimenezi zimamudwalitsa anene msanga.

9. Imwani madzi osefa kapena a m'botolo. Nyumba zambiri zimakhala ndi sefa kukhitchini. Udzudzu wofalitsa dengue umaluma masana, pamene neti ili chopinda, ndiye dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu m'mawa ndi chakumadzulo. Mukamva kutentha thupi ndi kuphwanya mafupa, pitani kuchipatala ndipo musamwe asipirini.

10. Tulukani mopepuka. Pasipoti isiyeni m'chipinda mokhoma, muyende ndi fotokope yake. Tcheni, wotchi yodula ndi ndalama zambiri zitsale. Foni musaiyendetse m'manja m'mphepete mwa msewu. Lowani m'sitolo ngati mukufuna kuona mapu. Musanatuluke, muonetseni mwini nyumba kumene mukupita, ndipo akakuuzani kuti kamsewu kakutikakuti musadutsemo, mverani ngakhale mapu akuonetsa kuti ndi njira yachidule. Ku Salvador msewu wodzaza alendo ndi msewu wangozi zikhoza kuyandikana kwambiri, ndipo wodziwa malire ake ndi wokhala pomwepo. Kumada cha m'ma 6 koloko, ndipo kukada itanani galimoto pa pulogalamu ya pafoni ya Uber kapena ya 99 muli m'kati mwa geti.

Ku Pelourinho mudzakumana ndi anthu ofuna kukumangani kansalu ka Senhor do Bonfim padzanja kapena kukupakani utoto woyera pamkono, akunena kuti ndi mphatso. Akamaliza amafuna ndalama. Ngati simukufuna, kanani mwaulemu dzanja lili kumbuyo, n'kupitiriza ulendo. Wina akakuopsezani kuti mumupatse foni, perekani, musalimbane naye. Nambala ya polisi ndi 190, ya ambulansi 192, ya ozimitsa moto 193, ndipo ku Pelourinho kuli polisi yoona za alendo yotchedwa Deltur.

11. Nyanja muiope. Odziwa kusambira ku Salima kapena ku Mangochi asadzidalire, chifukwa Atlantic amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku ndipo ali ndi mikokomo yokokera munthu kuya. Gombe la Porto da Barra lili pakamwa pa Baía de Todos os Santos ndipo madzi ake ndi odekha. Magombe oyang'ana kunyanja yaikulu ali ndi mafunde amphamvu ndi miyala. Pomwe pali mbendera yofiira musalowe. Mpando ndi ambulera za pagombe n'zolipira, funsani mtengo musanakhale. Pobwerera tsukani mchenga pampopi wa panja, ndipo thaulo la kubafa musapite nalo kugombe.

12. Kumbukirani kuti muli pakhomo pa eni ake. Perekani moni m'mawa, bom dia, kwa aliyense kuphatikizapo wosesa. Mayi wamkulu mumamutchula Dona n'kutsatiza dzina lake, bambo wamkulu Seu. Ikakwana 10 koloko usiku tsitsani mawu, chifukwa pansi pa nyumba zakale ndi pa matabwa ndipo phazi lililonse limamveka chipinda chapansi. Musalowetse mlendo amene sanalembetse, ndipo geti muzikoka mpaka litseke. Lachisanu mudzaona anthu ambiri atavala zoyera, mwambo wochokera ku chipembedzo cha Candomblé chomwe mizu yake ili ku Africa. Kaya inu mumapemphera kuti, musanyoze kapena kujambula munthu osapempha.

13. Tsiku lonyamuka chipinda chimabwezedwa pofika 12 koloko masana, koma eni nyumba ambiri amalola kusunga katundu mpaka madzulo mukapempha. Lipirani zotsala usiku wake, mutenge lisiti, ndipo galimoto ya ku bwalo la ndege muipangane nthawi yabwino poti misewu imadzaza m'mawa ndi madzulo. Nyumba zing'onozing'onozi zimapeza alendo kudzera m'ndemanga za omwe anagonamo. Ngati anakusamalani, lembani ndemanga pa tsamba lomwe munasungitsirapo malo, ndipo mutchulemo za masitepe, zenera, phokoso ndi shawa, kuti wobwera pambuyo panu asankhe akudziwa.